Kulipira ndalama kuti utope? Inde, ndipo tizitero

Amalume anga akhala ku Plettenberg Bay zaka 11. M'mawa uliwonse akamatchetcha kapinga pabwalo la abwana awo, amaona phiri lalitali lolowa m'nyanja ngati chala choloza kotulukira dzuwa. Dzina lake amalidziwa: Robberg. Alendo ogona panyumbapo akafunsa njira yopitira kumeneko, amalume amawalozera bwinobwino, mpaka kuwakumbutsa kuti atenge madzi akumwa ndi chipewa. Koma iwo eni ake, zaka zonsezi, anali asanapondeko phazi.

Pa holide ya Seputembala ndinakwera basi kuchokera ku Gqeberha, komwe ndikuphunzira, kukawachezera. Loweruka usiku tikudya nsima m'kachipinda kawo ka lendi ku KwaNokuthula, ndinawauza kuti mawa tikayende ku Robberg.

"Kukatani?"

"Kukayenda basi, malume. Kuli njira yozungulira phiri lonse, makilomita 9."

"Imakathera kuti?"

"Pomwe tayambira."

Anaika mbamu ya nsima m'mbale, n'kundiyang'ana. "Ndiye ukuti ndilipire ndalama pageti, nditope maola anayi, ndibwerere pomwe ndinayambira chimanjamanja? Iwe, sukulu yakusokoneza mutu. Zimenezo n'za azungu."

Sindikulemba izi kuti tiwaseke amalume. Mawu amenewa ndawamva kwa anzanga a pa kampasi, ndipo ine ndemwe ndinkawanena. Ali ndi pochokera. Ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti kuyenda wapansi ndi chilango cha umphawi. Agogo athu ena anayenda milungu yathunthu kupita ku migodi ya ku Halale ndi ku Joni. Amayi athu anayenda ndi ndowa pamutu, anayenda kuchigayo, anayenda kusikelo mwana ali kumbuyo. Ine ndinkafika ku pulayimale mame atanyowetsa miyendo mpaka m'maondo. Sukulu tinaigwira mwamphamvu kuti tsiku lina tidzasiye kuyenda, tidzakhale m'galimoto magalasi atakwezedwa. Ndiye wina akabwera n'kunena kuti tiyeni tikayende mwadala, komanso tilipire, zimamveka ngati chipongwe.

Komabe ndikuti pamenepa tasokoneza zinthu ziwiri. Kuyenda chifukwa palibe kuchitira mwina ndi kuyenda chifukwa wafuna n'zosiyana monga mmene njala imasiyanirana ndi kusala kudya. Zonse ndi m'mimba mopanda kanthu, koma wina wasankha, wina sanasankhe. Ndipo tikamati kuyenda kosankhaku n'kwa ena, tikupereka ndi manja awiri chinthu chimene anthu anamenyedwera kuti chikhale chathu.

Amalume anavomera. Sikuti ndinawagonjetsa pa mtsutso ayi, koma sakanalola kuti mwana wa mlongo wawo apite yekha kumaphompho. Tinapempha mnzawo wa kutchalitchi amene ali ndi kagalimoto kuti atitule pageti, makilomita 8 kuchokera m'tauni.

Kwa amene simunafikeko, Robberg ndi phiri lopapatiza lotalika pafupifupi makilomita 4, nyanja yamchere yalizinga mbali zitatu. Ndi malo otetezedwa, ndipo amawayang'anira ndi a CapeNature, bungwe la boma losamalira zachilengedwe m'chigawo cha Western Cape. Kuli njira zitatu, zonse zozungulira n'kubwerera poimika magalimoto. Yaifupi ndi ya makilomita 2.1, imakafika pampata wotchedwa The Gap. Yapakati ndi ya makilomita 5.5, imatsikira pa chiphiri cha mchenga cha Witsand. Yaitali ndi ya makilomita 9.2, imakafika kunsonga kwenikweni, The Point, ndipo munthu woyenda mosathamanga imamutengera maola anayi. Ife tinasankha yaitaliyi.

Popita, njira imadutsa pamwamba pa maphompho a mbali yoyang'ana tauni. Chimene chimayamba kukupeza ndi fungo. Kenako phokoso, ngati nkhosa zikwizikwi zikulirira pamodzi m'khola. Ukasuzumira pansi umaona miyala yadzaza nyama zakuda zonenepa, nkhope ngati ya galu, zipsepse m'malo mwa miyendo, zina zikugona padzuwa, zina zikusambira m'madzi obiriwira. Amenewa ndi ma seal, ndipo dzina loti Robberg m'Chidatchi limatanthauza phiri la nyama zimenezi. Alenje ofuna zikopa ndi mafuta anazipha mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kunalibe ndi imodzi yomwe. Zinadzabwerera m'zaka za m'ma 1990, ndipo lero zilipo zikwi zingapo. Amalume anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa funso limene Mmalawi aliyense akanafunsa: "Kodi zimenezi amadya?" Ndinaseka. Yankho lake tinakalipeza kumapeto kwa ulendo.

Chimene sindinayembekezere n'choti pa ulendowu mphunzitsi akhala iwo. Ine ndinkangoona tchire lalifupi la masamba olimba lomwe amalitcha fynbos. Iwo ankaona anzawo. Ankatchula mayina a zomera mmodzimmodzi monga anawaphunzirira m'minda ya maluwa ya mabwana: aka sikafuna madzi ambiri, aka ukakathirira feteleza kamafa, aka kamagwira mchenga kuti mphepo isaunyamule. Anandionetsa chitsamba cha maluwa achikasu chotchedwa bitou, n'kundiuza kuti khonsolo ya dera lonselo imatchedwanso ndi dzina lomweli. Anaima pa kachomera kena n'kunena kuti dona wawo anakagula ku nazale ndi ndalama zambiri, pomwe kuno kakungomera pamwala popanda woweta. Dera la zomera za ku Cape lili ndi mitundu pafupifupi 9,000, yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse padziko, n'chifukwa chake UNESCO inaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Munthu amene wakhala zaka 11 akusamalira zomerazi m'mipanda ya eni, tsiku limenelo ndi pomwe anaziona koyamba zili kwawo.

Titadutsa Witsand, pomwe ambiri amakhotera kubwerera, njira inayamba kuvuta. Kunsonga mphepo inkawomba moti chipewa unkachigwira ndi dzanja, ndipo patali tinaona namgumi akupemerera madzi m'mwamba, popeza kuyambira cha m'ma Juni mpaka Novembala anamgumi amabwera m'magombe amenewa kudzaswana. Pobwerera mbali ya kummwera ndiye kulibe masewera. Umakwera ndi kutsika m'miyala mafunde akuswekera pafupi, penapake umagwira zingwe zomwe anamangirira pathanthwe. Oyang'anira malowa amachenjeza kuti chigawo chimenechi n'choopsa madzi akakwera, ndipo ife tinayang'aniratu pa foni nthawi imene nyanja iphwe. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo funde lalikulu silisankha kuti uyu ali ndi digiri. Apa amalume ndi majombo awo akale ogwirira ntchito ankandisiya kumbuyo, ine ndi nsapato zanga za m'fasho ndikupuma wefuwefu. Anapitiriranso gulu la alendo a ndodo ziwiriziwiri ndi zikwama zodula, akuwapatsa moni.

Chakumapeto, kufupi ndi pomwe tinayambira, pali phanga lotchedwa Nelson Bay Cave. Apa ndi pamene mfundo yanga yagona. M'phanga limeneli munkakhala anthu zaka zoposa 120,000 zapitazo, ndipo ena anakhalamo mibadwomibadwo mpaka zaka mazana ochepa chabe zapitazi. Akatswiri ofukula zakale, monga Ray Inskeep ndi Richard Klein, anakumbamo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, n'kupeza zipangizo za miyala, mafupa, ndi milu ya zigoba za nkhono za m'nyanja. Panali nyengo yozizira kwambiri pomwe nyanja inaphwa n'kuthawira kutali makilomita makumimakumi, kutsogolo kwa phangali kunali chidikha cha udzu, anthu akusaka njati ndi mbidzi. Nyanja itabwerera, anayamba kudya nsomba, nkhono, ndi ma seal omwe aja. Timipeni tating'onoting'ono ta miyala ta nthawi yozizirayo timapezeka m'madera ambiri a kummwera kwa Africa, ndipo akatswiri amatitchula ndi dzina la phiri lomweli, Robberg.

Pali kafukufuku wina amene amandigwira mtima. Judith Sealy wa ku yunivesite ya Cape Town anayeza mafupa a anthu amene anaikidwa m'manda kuzungulira Robberg zaka zikwi zingapo zapitazo, n'kuwayerekeza ndi a anthu a ku Matjes River, tsidya lina la gombe lomweli. Anapeza kuti magulu awiriwa ankadya zosiyana, ngakhale ankakhala moyandikana choncho: a ku Robberg ankadya kwambiri nyama zazikulu za m'nyanja. Tanthauzo lake n'loti sanali anthu ongoyendayenda opanda kwawo monga mabuku akale ankawanenera. Anali ndi malo awo, malire awo, manda awo. Azungu oyamba kukhalitsa pagombeli anali Apwitikizi pafupifupi 100 amene chombo chawo, São Gonçalo, chinasweka mu 1630, ndipo anakhala miyezi isanu ndi itatu akusinthana katundu ndi eni dziko mpaka atakhoma mabwato ochokera. Dzina loti Plettenberg linadza mu 1778, bwanamkubwa wa Adatchi Joachim van Plettenberg atadzaimika mwala wake. Werengani nokha: zaka 120,000 mbali iyi, zaka zosakwana 400 mbali inayo.

Ndinawamasulira amalume zolembedwa pa zikwangwani za m'phangamo. "Ndiye ankadya ndithu," anatero, akugwedeza mutu. Kenako anakhala chete, akuyang'ana mulu wa zigoba uja. Sindikunena kuti anthu a m'phangamo ndi makolo a Achewa. Ndi makolo a Akhoi ndi Asan, ndipo ana awo alipo, ali ndi madandaulo awo pa nkhani ya malo omwe sindingawayankhulire. Chimene ndikunena n'chakuti munthu wakuda akamayenda m'mphepete mwa nyanja imeneyi sakutsanzira mzungu. Njira imeneyi mapazi a Aafrika anaiyamba kalekale, Ulaya asanadziwe n'komwe kuti kuno kuli dziko.

Nanga maganizo oti nyanja ndi mapiri n'za azungu anachokera kuti? Sanagwe kumwamba. Ku South Africa anachita kuwalemba m'malamulo. Lamulo la mu 1953 logawa malo a chisangalalo potengera khungu linapatsa boma ndi makhonsolo mphamvu yoika zikwangwani pa mapaki, pa mabenchi, ndipo pambuyo pake magombe abwino onse anakhala a azungu okhaokha. Munthu wakuda ankaloledwa kufikako ngati wanyamula mwana wa dona kapena dengu la chakudya. Mu 1989 Desmond Tutu anatsogolera anthu kukaponda magombe oletsedwa kufupi ndi Cape Town, ndipo apolisi anawachingamira ndi agalu ndi zikoti. Lamulolo linathetsedwa mu 1990. Zikwangwani anazula, koma chimene zinabzala m'mitu ya anthu chidakalipo. Tikamanena tokha kuti zimenezo n'za azungu, tikugwira ntchito ya chikwangwani chija mwaulere, popanda wapolisi wotikakamiza.

Ndipo ngakhale kwawo kwa azunguwo, kuyenda m'mapiri sikunayambe ngati ufulu wa aliyense. Ku England, mapiri ambiri anali a anthu olemera osungiramo mbalame zoti azisaka. Mu Epulo 1932 anyamata ndi atsikana mazana angapo, ambiri ogwira ntchito m'mafakitale a ku Manchester, anakwera phiri la Kinder Scout mwadala popanda chilolezo, nalimbana ndi alonda. Asanu anatsekeredwa m'ndende. Mu 1949 dzikolo linakhazikitsa lamulo la mapaki ndi ufulu woyenda m'madera akumidzi. Amene anamenyera nkhondoyi sanali mabwana. Anali anthu otopa, ogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata ngati amalume, amene ankati tsiku limodzi lotsalalo tikufuna mpweya ndi malo otambasula maso. Choncho nkhaniyi si ya khungu lokha. Ndi ya funso loti ndani amaloledwa kupuma.

Tsono ndiyankhe zimene ena a inu mukuganiza, chifukwa ndinazimva kale m'chipinda chogona cha pa kampasi nditangobwerako.

Choyamba: wanjala sayang'ana nyanja. N'zoona, ndipo sindikutsutsa. Amalume sanalephere kupita ku Robberg chifukwa cha maganizo okha. Amagwira ntchito Lolemba mpaka Loweruka. Lamlungu ndi la tchalitchi, kuchapa, kuimba foni kumudzi, ndi kugona. Geti lili kutali ndi komwe amakhala, ndipo amene alibe galimoto ayenera kupempha kapena kulipira. Randi iliyonse ili ndi dzina lake kale: feteleza, malata, fizi. Fizi yanga ya sekondale yonse inachokera m'manja omwewo otchetcha kapinga. Ndingakhale wopanda ulemu nditati vuto lawo ndi kusadziwa kusangalala. N'chifukwa chake nkhaniyi sindikulembera iwo. Ndikulembera ife, ophunzira ndi omaliza kumene maphunziro, amene tili ndi Loweruka lathunthu, tili ndi ndalama ya bando ndi ya mowa wa Lachisanu, koma tikamva za phiri timati n'zodula. Ndalama imene tinalipira pageti inali yochepa kuyerekeza ndi imene ambiri a ife timamwaza usiku umodzi. Komanso a CapeNature amakhala ndi sabata ina mu Seputembala yolowetsa anthu ulere m'malo awo ena. Tinene zoona, kwa ambiri a ife chotchinga si thumba.

Chachiwiri n'cholemera kwambiri, ndipo anzanga ophunzira mbiri amachikonda: malo otetezedwa ambiri mu Africa anabadwa pothamangitsa anthu. N'zoonanso. Amakuleke anachotsedwa mokakamiza kumpoto kwa Kruger mu 1969, ndipo malo awo anawabwezera mu 1998. Kwathu, pokuza paki ya Nyika m'zaka za m'ma 1970, midzi inasamutsidwa. Ndiye ena amati kupita kumalo oterewa n'kuvomereza mpanda. Ine ndikuona mosiyana. Kunyanyala sikugwetsa mpanda, kumangosiya amene ali mkati akhale okha. Oyang'anira malo amamvera anthu amene amabwera. Zikwangwani amazilemba m'zinenero za amene amaziwerenga. Mbiri imene amaifotokoza m'phanga imatengera amene amafunsa mafunso. Ngati ife ophunzira mbiri, zinenero ndi chikhalidwe sitipitako, ndani adzafunse chifukwa chomwe dzina la bwanamkubwa wa mu 1778 lili paliponse pomwe dzina limene eni ake ankatchulira phirili silimveka? Ungathe kukonda malo n'kumatsutsa mmene anawapezera. Koma n'kovuta kumenyera malo amene sunawaonepo.

Chachitatu: tikachuluka tiwononga. Pali choona pamenepanso. Zomera za pamchenga zikapondedwa sizimeranso msanga, n'chifukwa chake penapake anayala matabwa oyendapo, makamaka kuzungulira kachilumba kolumikizika ndi phirili ndi mchenga, komwe mbalame zimaikira mazira. Kuyandikira ma seal n'koopsa, makamaka kuyambira 2024 pomwe matenda a chiwewe anapezeka mwa nyamazi m'magombe a Western Cape. Koma yankho la zimenezi ndi mwambo, osati kusankha anthu. Yenda m'njira, nyamula zinyalala zako, usathyole duwa, usatole chigoba m'phanga, sipika ya nyimbo isiye kunyumba. Makolo athu ananena kale kuti ukayenda siya phazi. Iwo ankanena za pakamwa, koma mwambiwu ukukwanira bwino pa botolo la pulasitiki. Ndipo ndimadabwa kuti nkhawa yoti anthu achuluka imayamba kumveka pamene obwerawo asintha mtundu.

Palinso chifukwa china chimene ndikufunira kuti tiziyenda, ndipo ichi n'cha ife eni. Moyo wa pa yunivesite watiphunzitsa kuti chilichonse chizibala kanthu. Ukalowa kalabu, n'chifukwa cha CV. Ukacheza ndi munthu, ukuganiza kuti adzakuthandiza kupeza ntchito. Ukawerenga buku, n'chifukwa lili pa mayeso. Ngakhale tulo timagona kuti mawa tigwire ntchito bwino. Ife amene abale anatisonkhera fizi timanyamulanso ngongole yosalembedwa, moti ukakhala pansi ola limodzi osachita kanthu mtima umakuimba mlandu. Ndaona anzanga akudwala nazo zimenezi mwakachetechete. Njira yozungulira ili ndi mwano wabwino pa maganizo amenewa. Sikupititsa kulikonse. Palibe satifiketi kumapeto. Funso la amalume lija, loti imakathera kuti, ndi lomwenso timafunsa pa chilichonse, ndipo n'kwabwino kamodzikamodzi kuchita chinthu chimene yankho lake ndi pomwe tayambira. Kwa maola anayi ndi theka sindinaganize za asayimenti kapena za chitupa changa chokhalira m'dziko la eni. Ndinkaganiza za pomwe ndiike phazi.

Ndivomerenso kuti ena a ife timapita kumalo otere kukangojambulitsa. Timafika pamwala woyamba, zithunzi makumi awiri, Instagram, n'kubwerera. Sindikuweruza kwambiri, nanenso ndinajambula. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Namgumi uja tinamuona chifukwa tinakhala pansi mphindi khumi tikudya mabanzi, foni ili m'thumba.

Kwa inu amene mukuwerenga muli kumudzi, musati izi n'za a ku Joni. Matendawa ndi amodzi. Ndi angati amene amaliza zaka zinayi ku Zomba osakwerako phiri lomwe amaliona pawindo la kalasi tsiku ndi tsiku? Ndi angati a ku Blantyre amene Michiru amangoidziwa dzina? Pa Mulanje, anyamata akumaloko amakwera ndi katundu wa alendo pamsana, njira zonse zili m'mutu, koma ife ophunzira timadikira mnzathu wochokera kunja kuti atikokere kumeneko. Paki ya Nyanja ya Malawi ku Cape Maclear inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo ili pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 1984, koma ambiri timaidziwa ngati funso la mayeso a jogalafe. Kenako tidzadandaula tikadzapeza kuti gombe lonse lamangidwa mipanda ndipo nkhalango yatha. Chinthu chimene sunachiyendere sungachilirire chikamapita.

Pempho langa ndi laling'ono. Temu ino sankhani Loweruka limodzi. Pezani njira yapafupi ndi komwe muli, ya kunyanja kapena ya kuphiri. Funsani kaye za nyengo ndi za chitetezo, musapite nokha, nyamulani madzi okwanira, uzani wina komwe mwalowera. Sonkhani ya minibasi anthu asanu kapena khumi. Ndipo ngati n'kotheka, tengani mmodzi mwa anthu amene anakulipirirani sukulu. Mulipire ndinu pageti. Sikubweza ngongole, ngongole imeneyo sibwezeka. Koma iwo anayenda maulendo okakamizika kuti ife tidzathe kusankha, ndipo n'koyenera kuti tsiku limodzi nawonso ayende ulendo wosankha.

Titafika poimika magalimoto, amalume anakhala pa benchi, n'kuvula majombo kukhutula mchenga. Ndinawafunsa ngati asintha maganizo.

"Ayi," anatero. "Kulipira kuti utope ndi misala ndithu."

Anavala jombo imodzi. Kenako anati, "Chithunzi chija cha kunsonga, unditumizire pa WhatsApp. Azakhali ako akaone kuti nyanja ya kuno ilibe tsidya." Atavala inayo anafunsanso kuti njira yaifupi ija ndi makilomita angati, chifukwa mnzawo wa kagalimoto uja ali ndi ana awiri amene anabadwira konkuno, ndipo ma seal amangowaona pa chikwangwani cha pamsewu.

Ndinawauza kuti ndi 2.1. Anati imeneyo ndiye angakwanitse akaweruka ku tchalitchi.